Netiweki ikavuta pa Milepa, chavuta kwenikweni n'chiyani?

Tsiku la msika pa Milepa, kutsogolo kwa kakhumbi ka ejenti wa ndalama za pafoni sikusowa mzere. Uyu wagulitsa nandolo ndipo akufuna kusunga ndalama zake m'foni, uyo mwana wake wamutumizira kangachepe kuchokera ku Joni ndiye wabwera kudzatapa. Ejenti adina manambala, foni iganizaganiza, kenako ibweza uthenga woti zakanika. Iye aitembenuzira kwa kasitomala kuti adzionere yekha. "Mayi, netiweki yavuta. Tadikirani pang'ono."

Yankho lomweli limamveka kubanki, ku maofesi a boma, ngakhale kuchipatala. Woyankhayo nthawi zambiri sakunama, kungoti nayenso sakudziwa chomwe chaduka. Pakati pa foni ya ejenti ndi ndalama za mayi aja pali zipangizo zingapo, chilichonse ndi mwini wake, ndipo anthu akamazitchula zonse ndi dzina limodzi palibe amene angafunsidwe mlandu. N'chifukwa chake mawu ochepa a akatswiri a makompyuta ayenera kutuluka m'zipinda zawo zozizira n'kufika kumsika.

Choyamba, ndalama sizikhala m'foni. Munthu akaimba *211# ya Airtel Money kapena *444# ya Mpamba, foni yake imangotumiza pempho. Pempholo limapita pa nsanja yomwe ili pafupi, kuchoka apo limadutsa pa chingwe cha fayiba kapena pa mafunde a wailesi ochoka pa nsanja ina kupita pa inzake, mpaka kukafika pa seva. Seva ndi kompyuta yomwe ntchito yake ndi kuyankha makompyuta ena usana ndi usiku, ndipo m'kaundula wake ndi momwe mwalembedwa kuti wakuti ali ndi ndalama zakuti. Timizere ta pakona pa foni timangonena za gawo loyamba la ulendowu, kuchoka pa foni kufika pa nsanja. Tingathe kudzadza tonse pamene seva yagona. Ndiye munthu wokweza foni m'mwamba kapena kukwera pachulu pa nthawi ngati imeneyo akungodzivutitsa.

Nsanja nayo imadya magetsi. M'chaka cha 2022, namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi akazima nthawi yaitali nsanja imadalira mabatire ndi jenereta. Dizilo akatha, nsanja imakhala chitsulo chabe.

Pa intaneti ulendo umatalika kuposa pamenepo. Chipangizo chilichonse chimapatsidwa nambala yotchedwa adiresi ya IP, monga 192.168.1.1 yomwe imalembedwa kunsi kwa ma rauta ambiri a m'maofesi. Uthenga umaduladulidwa m'tizidutswa, ma paketi, ndipo rauta iliyonse panjira imayang'ana adiresi n'kusankha kolowera. Popeza munthu sangaloweze manambala a masamba onse, pali DNS, yomwe imagwira ntchito ngati kaundula wa mayina m'foni: munthu amasankha dzina, foni n'kupeza nambala. Njirayi anaiyambitsa Paul Mockapetris m'chaka cha 1983. Mayina othera ndi .mw akhala akuyang'aniridwa ndi bungwe la Malawi SDNP kwa zaka zambiri. DNS ikasokonekera, seva imakhala ili moyo, chingwe chili bwinobwino, koma tsamba osatseguka.

Malawi alibe nyanja yamchere, choncho zambiri zomwe wachinyamata wa pa Milepa amaonera pa Facebook kapena YouTube zimalowa kudzera m'maiko oyandikana nafe, kuchokera ku zingwe zogona pansi pa nyanja ya Indian. Pa 12 Meyi 2024 zingwe za EASSy ndi SEACOM zinaduka kufupi ndi gombe la South Africa, ndipo intaneti inafooka ku Tanzania, Kenya, Mozambique, Malawi ndi maiko ena. Tsiku limenelo sipakanakhala nzeru kukalipira ejenti. Pofuna kuti uthenga wochoka ku Limbe kupita ku Zomba usamayambe wazungulira kunja, makampani a intaneti anakhazikitsa malo okumanirana a Malawi Internet Exchange ku Blantyre m'chaka cha 2008.

Pali mawu awiri omwe ogulitsa amakonda kuwasakaniza. Bandwidth ndi kuchuluka kwa uthenga womwe ungadutse pa sekondi imodzi, pomwe latency ndi nthawi yomwe uthenga umatenga kupita ndi kubwerera. Katswiri amayeza yachiwiriyi ndi lamulo lalifupi lotchedwa ping: amalemba liwulo ndi adiresi ya seva, ndipo pa sikirini pamayamba kutsika mizere, uliwonse ukunena mamilisekondi omwe yankho latenga. Mizereyo ikamabwera koma pulogalamu osagwira, nthawi zambiri vuto limakhala mkati mwa seva. Ikakhala zii, ayenera kuyang'ana njira, kapena ngati seva ikukana dala kuyankha. Ntchito yonseyi simatha mphindi imodzi.

Gawo lomwe anthu salidziwa kwenikweni, ndipo ndi lomwe lili ndi mphamvu, ndi la kuyendetsa seva uli kutali.

Tengani chipatala chaching'ono cha Milepa. Chili m'gulu la zipatala za m'boma la Chiradzulu komwe bungwe la Médecins Sans Frontières linafikitsa mankhwala a ma ARV, ntchito yomwe inayambira pa chipatala chachikulu cha bomali m'chaka cha 2001. Masiku amenewo mbiri ya wodwala inkadalira mapepala ndi mabuku. Lero malipoti a zipatala za boma amakathera mu DHIS2, pulogalamu yomwe inapangidwa pa University of Oslo ku Norway, ndipo zipatala zambiri zopereka ma ARV zili ndi makompyuta odina pa sikirini omwe anayambitsidwa ndi Baobab Health Trust. Makina ngati amenewa akavuta, sikuti nthawi zonse pamafunika galimoto yochoka ku Lilongwe. Katswiri amatha kulowa ali pampando wake.

Chida chake chachikulu ndi SSH, yomwe Tatu Ylönen wa ku Finland anailemba m'chaka cha 1995. Imatsegula njira yobisika pakati pa kompyuta ya katswiri ndi seva, moti zomwe akulemba pa sikirini yake yakuda zimachitika pa makina omwe ali makilomita mazana kutali. Seva imalandira alendo kudzera m'ma port, omwe ndi manambala osiyanitsa ntchito: 22 ndi ya SSH, 443 ndi ya masamba otetezedwa oyamba ndi https. Firewall ndiyo imasankha ma port otsegula ndi otseka, komanso ma adiresi ololedwa. Mabungwe osamala amawonjezera VPN, njira yotsekedwa yodutsa mkati mwa intaneti ya aliyense, kuti seva isaonekere n'komwe kwa munthu wakunja. Polowa, katswiri wanzeru sadalira pasiwedi yokha. Amagwiritsa ntchito makiyi awiri a manambala, imodzi yokhala pa seva, inayo yachinsinsi yosachoka pa kompyuta yake.

Ndipo pamwamba pa onse pali akaunti ya root. Mwini wake angathe kuwerenga chilichonse, kusintha chilichonse, kutsekera ena kunja, ngakhale kufufuta zonse ndi mzere umodzi. Zomwe zimachepetsa mantha ndi ziwiri: log, kaundula wolemba yemwe walowa ndi zomwe wachita, ndi backup, kope la zonse losungidwa kwina. Backup yosungidwa pa makina omwewo, kapena yomwe sinayesedwepo ngati ikubwereradi, ndi yongodzinamiza nayo.

Amalawi anaona kulemera kwa mawu amenewa kumayambiriro kwa 2024, pomwe nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko inasiya kusindikiza mapasipoti kwa masabata angapo. Mu Febuluwale, Lazarus Chakwera, yemwe anali mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alanda makinawo ndipo akufuna dipo, lomwe boma silipereka. Ena anakayikira, n'kumaloza mkangano wa boma ndi kampani ya Techno Brain, yomwe mgwirizano wake wa makina a mapasipoti unathetsedwa mu Disembala 2021. Kaya zoona zinali kuti, mnyamata yemwe anagulitsa mbuzi kuti apeze pasipoti ya ku Joni anadikira chimodzimodzi, chifukwa boma linalephera kulowa m'makina osunga mbiri ya nzika zake.

Zomangamanga zilipo. Pali fayiba ya boma yomwe Huawei inayala kuyambira 2017, pali National Data Centre yomwe inatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 2022, Starlink inalowa mu 2023, ndipo lamulo loteteza mbiri ya anthu la Data Protection Act linakhazikitsidwa mu 2024. Nyumba ndi zingwe n'zosavuta kujambula pa tsiku lodula riboni. Chovuta ndi kulemba m'mgwirizano uliwonse kuti makiyi a root ndi ma backup ndi a boma, kuti pali Amalawi osachepera awiri odziwa kuwagwiritsa ntchito, komanso kuti kampani ikamachoka makiyi amasinthidwa tsiku lomwelo. Aphungu akamafunsa za makina atsopano, ayambe ndi mafunso amenewa asanafike pa mtengo.

Kwa makampani a mafoni ndi mabanki pempho ndi laling'ono. Makina awo oyang'anira amawauza msanga ngati yagwa ndi nsanja, chingwe kapena seva. Mabungwe owayang'anira a MACRA ndi Reserve Bank of Malawi angathe kuwalamula kutumiza uthenga wa Chichewa kwa ma ejenti onse okhudzidwa, wonena chomwe chavuta ndi nthawi yomwe akuyembekeza kukonza, kuti ejenti wa pa Milepa athe kuuza mayi aja ngati adikire theka la ola kapena akwere kabaza adzabwerenso mawa.