Gitala ya malaiti yopanga tokha: ana tisawaseke, tiwathandize kuitsiriza

M'mera mpoyamba, amatero akuluakulu. Masiku ano m'midzi ndi m'makomboni mwathu muli acinyamata amene ayamba kusema matabwa ndi kulumikiza mawaya kuti apange gitala ya malaiti ndi manja ao. Ena amagula khosi la gitala ndi zitsulo zake m'tauni nasema thupi okha. Ena amaphwasula gitala yakufa natengako ziwalo zimene zikali bwino. Makolo ambiri akaona zotere amangopukusa mutu, amati mwanayu wasowa cocita, khasu lili apo koma iye ali pa zidole. Ife maganizo athu ndi osiyana. Mwana wotere tisamseke ndipo tisamletse. Timuumirize zinthu ziwiri cabe: cimene wayamba acitsirize bwino, ndipo asadzivulaze naco.

Coyamba tikumbuke kuti zimenezi si zacilendo kuno kwathu. Ife amene imvi zayamba kutuluka tinakula tikuona anyamata akupanga banjo ndi cigubu ca mafuta, thabwa ndi mawaya ocotsa ku mabuleki a njinga. Babatoni amene ananyamula nyimbo za kalindula sanacokere m'sitolo, anapangidwa pakhomo. Ndipo m'zaka za m'ma 1970, pamene Dr Kenneth Kaunda analamula kuti pa wailesi ya dziko pacuruke nyimbo za kuno kwathu, gitala ya malaiti inalira m'manja mwa Paul Ngozi, Rikki Ililonga ndi magulu monga WITCH ndi Amanaz. Nyimbo zimenezo, zochedwa Zamrock, lero zimagulidwa ndi kumveredwa m'maiko akutali.

Ngakhale kunjako gitala imeneyi sinayambire m'manja mwa anthu apamwamba. Leo Fender wa ku California anali wokonza mawailesi, ndipo kuimba gitala sanali kukudziwa. Mu 1950 anatulutsa gitala ya thabwa lopanda mphako, khosi lake lomangidwa ndi masikuluu anai, imene mu 1951 inapatsidwa dzina lakuti Telecaster. Brian May wa gulu la Queen ku England anayamba kupanga gitala yake mu 1963 akali mnyamata wa pasukulu, pamodzi ndi atate ake, popeza ndalama zogulira ya m'sitolo panalibe. Khosi analisema ku mtengo wakale wocotsa pamalo oothera moto m'nyumba, ndipo gitala yomweyo ndiyo wakhala akuimba moyo wake wonse. Taonani kuti atate ake sanamthamangitse, anagwira naye nchito.

Vuto la oyamba kumene ndi liwiro. Kusema thupi kumakoma cifukwa cinthu cimaoneka msanga, koma gitala imapangika kapena kuonongeka pa nchito yotsiriza: kupima, kusalaza, kupaka ndi kumanga. Apa ndi pamene munthu wamkulu afunika kuima pafupi.

Tiyambe ndi thabwa. Nsambo zisanu ndi imodzi zikakungidwa zimakoka ndi mphamvu yofika pafupi makilogalamu 45, usana ndi usiku. Thabwa laliwisi lidzapindika kapena kung'aluka likamauma. Pafunika louma kwenikweni, kaya mlombwa, paini kapena malaina. Citseko cakale kapena bedi lothyoka ndi cuma kwa wopanga gitala, cifukwa linauma kale zaka zambiri. Mwana asalowe m'thengo kukadula mukula. Mtengo umenewu unaikidwa mu 2019 pa mndandanda wa CITES wa mitengo imene malonda ake amayang'aniridwa pa dziko lonse, ndipo kudula mitengo ya matabwa popanda cilolezo ca a Forestry Department ndi mlandu.

Caciwiri ndi muyeso. Pa gitala za mtundu wa Fender, nsambo imalira pa utali wa mamilimita 648 kucokera pa kamtanda ka kumutu kufika pa bridge, ndipo fureti ya nambala 12 imakhala pakati penipeni, pa mamilimita 324. Bridge ikaikidwa molakwika ngakhale ndi theka la cala, gitala imeneyo sidzagwirizana ndi kwaya mpaka kalekale, ngakhale ipakidwe golide. Ncifukwa cake woyamba kumene acita bwino kugula khosi lokhala ndi mafureti kale, kapena kucotsa ku gitala yakufa, napima bridge potsata khosilo. Asanapake kalikonse, amange zonse pamodzi, akunge nsambo ziwiri za m'mbali, aone ngati zikuyenda molunjika m'mphepete mwa khosi. Colakwika cikonzedwe thabwa likali loyera, pambuyo pake aphwasule ndi kuyamba kusalaza.

Kusalaza kumayamba ndi sandipepa yokalipa ya nambala 120, kenaka 180, 220, mpaka 320, motsata mitsempha ya thabwa osati modukiza. Penti sabisa cipsera, amacionetsa. Kaya ndi vanishi, penti wopopera kapena mafuta a matabwa, apake pang'onopang'ono kangapo, kulola kuti kuume asanabwerezenso. Kupaka kwambiri kamodzi kumangoyenderera ngati misozi. Penti wopopera wa mtundu wa lacquer amaoneka wouma tsiku lomwelo, koma amafuna masabata atatu kapena anai kuti alimbe mpaka mkati. Womanga zitsulo nthawiyo isanakwane adzasiya zidindo za zala zake pa gitala. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Alimi amadziwa kuti nchito iliyonse ili ndi nyengo yake, ndipo iyinso ndi cimodzimodzi. M'dzinja cinyontho cimacititsa penti wopopera kuyera ngati nkhungu. Mu August ndi September mphepo imabweretsa fumbi limene limamatirira pa vanishi yaiwisi. Nthawi yabwino ndi June ndi July, cimanga cili m'nkhokwe, manja ali omasuka. Apake pamalo opita mphepo, kutali ndi mbaula, cifukwa nthunzi ya penti ndi thinner imagwira moto ndiponso imapweteka cifuwa. Cina cimene ambiri sacidziwa ndi cakuti nsanza zopakira mafuta a linseed zikaunjikidwa pamodzi zimatha kuyaka zokha popanda woyatsa. Aziyanike panja citambasulire kapena azimize m'madzi, asaziponye pakona pa nyumba yaudzu.

Pomanga, sikuluu iliyonse iyambe yabooleredwa kabowo kakang'ono, ndipo ipakidwe kandulo kapena sopo kuti isathyokere m'thabwa. Cimene cimagwira mau, pickup, ndi maginito okulungidwa ndi kawaya ka kopa kopyapyala ngati tsitsi, kozungulira kokwana pafupi 8,000. Nsambo yacitsulo ikanjenjemera pamwamba pake imadzutsa kamphamvu kocepa kamene ampulifaya imakakuza. Motero nsambo za nailoni sizigwira nchito pa gitala yotere. Kawaya kamodzi kayenera kucoka kumbuyo kwa cocepetsera mau kukagunda bridge, apo ayi gitala idzangolira ngati njuci. Kuwocherera mawaya amenewa mwana akapemphe wokonza mawailesi kapena mafoni kumsika kuti amuonetse. Safunsa anadya phula.

Potsiriza ndi kulinganiza. Nsambo zikhale pafupi mamilimita awiri pamwamba pa fureti ya nambala 12. Citsulo ca mkati mwa khosi, cimene cimaliwongola, cipotozedwe pang'ono cabe, gawo limodzi mwa magawo anai a kuzungulira, kenaka adikire aone. Liu la pa fureti ya nambala 12 likakwera kuposa la nsambo yosagwira, kampando ka nsamboyo pa bridge kabwezedwe kumbuyo. Foni ya masiku ano imatha kuthandiza kupima mau amenewa.

Tsopano tifike pa nkhani imene yatikakamiza kulemba. Gitala payokha siipha munthu, mphamvu yake ndi yocepetsetsa. Koma nsambo zake zimalumikizana ndi ampulifaya kudzera m'cingwe, ndipo ampulifaya imadya malaiti a 230 volts. Ikakhala ndi vuto mkati ndipo ilibe waya wa earth, nsambo zija zimanyamula imfa. Mu 1972 woimba gitala wa ku Scotland, Leslie Harvey, anafera pa siteji ku Swansea atagwira maikolofoni yopanda earth. Mu 1976 Keith Relf, amene anali woimba wa gulu la The Yardbirds, anafa m'nyumba mwake akuimba gitala ya malaiti. Nanga ife amene timalowetsa mawaya osasenda bwino m'soketi ndi kucinjiriza ndi mitengo ya macisa, kapena kusiya phini yacitatu ya pulagi yosalumikiza? Cilala ca 2024 citacepetsa madzi ku Kariba, ambiri tinathamangira majenereta ndi ma inverter, ndipo olumikiza ake sanali onse odziwa nchito. Mwana asaimbe wopanda nsapato pa simenti yonyowa, asatsegule ampulifaya mkati cifukwa zina zimasunga mphamvu ngakhale zitazimitsidwa, ndipo woyamba kumene ayambe ndi kaampulifaya ka mabatire.

Alipo amene adzati gitala ya m'sitolo ili bwino, ndipo nthawi zina imachipa kuposa kugula ziwalo cimodzicimodzi. Zimenezo nzoona. Koma wogula amapita kunyumba ndi gitala yokha, pamene wopanga amatsala ndi luso la kupima, ukalipentala, kupenta ndi mawaya. Ndi maparishi angati amene ali ndi gitala ndi makiyibodi ogona m'sitolo ya chalichi cifukwa kawaya kamodzi kanaduka ndipo wokonza ali ku Chipata kapena ku Lusaka? Mwana uyu ndiye wokonza wathu wa mawa. Akaonetsa khama, pali masukulu a nchito zamanja a pansi pa TEVETA, ndipo kuyambira mu 2022 thumba la CDF lili ndi gawo lolipirira acinyamata maphunziro otere.

Ena adzati gitala ya malaiti imabweretsa phokoso la m'mabala pa Misa. Msonkhano wa Vatican waciwiri mu 1963 unalola zoimbira zina kupatula organ, malinga zikhale zoyenera malo opatulika ndipo akuluakulu a Eklezia avomereze. Tsono mlandu suli pa thabwa ndi nsambo ayi, uli pa dzanja limene likukweza mau. Gitala ikamiza mau a akristu, aiuze itsike, monga timauzira ng'oma. Za kumunda nazo zisaime: mvula ikagwa gitala ipacikidwe, khasu litsike.

Pempho lathu likupita kwa inu akalipentala a m'miphakati mwathu, tsegulani citseko kwa mwana wofuna kubwereka pulena ndi tepi tsiku Loweruka. Inu a khonsolo ya parishi, musalole coimbira ciliconse kulumikizidwa ku malaiti m'chalichi wodziwa magetsi asanacione. Ndipo inu makolo, mukamuona mwana akusema, musamfunse kuti adzadya gitala kodi. Mfunseni ngati thabwalo lauma, ngati wapima kawiri, ndiponso ngati pulagi yake ili ndi earth.