Msuku Wosabala Nawonso Uli ndi Ntchito

Timati munthu akudyera mnzake masuku pamutu pamene akukhuta ndi thukuta la mnzakeyo popanda kuthokoza. Ine ndikuti amene timamuchita zimenezi koposa ndi mwini masuku weniweni, msuku waumuna.

Msuku uli ngati papaya: ulipo waukazi, ulipo waumuna, ndipo ndi mitengo iwiri yosiyana, ngakhale masamba ake aakulu, okhakhala aja n'ngofanana. Waumuna umachita maluwa ounjikana, odzaza mungu, koma subala ngakhale suku limodzi. Waukazi duwa lake limakhala lokhalokha, kudikira njuchi ndi tizilombo tina kuti tilibweretsere mungu. Tsono mlimi poswa mphanje amasiya wobala, nagwetsa "gojo" uja kuti aotche makala. Iye amayesa wachita mwanzeru. Komatu akadula aamuna onse a m'deralo, wobala uja udzabala ndi yani?

Wina anganene kuti tidzabzala ina. Msuku si chimanga, awerengi anga. Njere zake zikangouma zimafa, sizisungika m'nkhokwe. Mizu yake imakhala mogwirizana ndi bowa wa m'nthaka ya nkhalango za miombo, bowa amene amaithandiza kuyamwa chakudya, ndipo mbande yosowa bwenzi limeneli imakwinimbira. Choipitsitsa n'chakuti mbande siidziwika ngati ili yaimuna kapena yaikazi kufikira itachita maluwa, patapita zaka zambiri. Akatswiri a ku Makoka, pafupi ndi Zomba, adaonetsa kuti msuku womezanitsa umabala msanga, ndipo tiwayamike. Koma womezanitsawo nawo umafuna mungu.

M'mabuku mtengowu umatchedwa Uapaca kirkiana, pokumbukira John Kirk, sing'anga amene adayenda ndi David Livingstone mumtsinje wa Shire mu 1859. Kirk adapeza agogo athu akuudya kale, nkhokwe zikayamba kupepuka chakumapeto kwa chaka. Mpaka lero amayi a ku Dedza ndi Ntcheu amaika mabeseni a masuku m'mbali mwa msewu wa M1, ndipo ndalama yake imagula sopo ndi makope a ana.

Pempho langa likupita kwa mafumu amene ali ndi nkhalango za mudzi. Lamulo loletsa kudula mtengo wazipatso litchule poyera msuku waumuna. M'dzinja, misuku ikachita maluwa, atume anyamata kuti akaike chizindikiro pa aamuna, makamaka oyandikana ndi obala, kuti wankhwangwa asadzanene kuti sadadziwe.