Moto wa ku Namugongo unayambira m'nyumba ya mfumu

Pa 3 June chaka chilichonse, khwimbi la anthu limasonkhana ku Namugongo, kufupi ndi mzinda wa Kampala, kukakumbukira Amaritiri a ku Uganda. Ena amayenda pansi milungu ingapo kuchokera ku Kenya ndi Tanzania. Kuno ku Malawi mayina awo ali paliponse: seminale ya St Kizito ku Dedza, sukulu ya sekondale ya St Charles Lwanga ku Balaka, parishi ya Andrea Kaggwa ku Area 49 mu Lilongwe, osawerengera miphakati ndi makwaya. Ubale umenewu ndi wakale, pakuti ansembe a chipani cha White Fathers, amene anafika ku ufumu wa Buganda mu 1879, ndi omwenso anadzatsegula mishoni ya Mua mu 1902.

Chodandaulitsa n'chakuti ulaliki wa tsikuli umathamangira ku moto. Akhristu amamva za nkhuni, za mabango omwe anawakulungiramo, za mnyamata Kizito wa zaka 14 amene sanabwerere m'mbuyo. Zonsezi n'zoona, koma chimene chinawafikitsa pamotopo chimangotchulidwa modutsa, chikhalirecho ndi chomwe chimakhudza kwambiri moyo wa lero.

Woyamba kuphedwa mwa Akatolika anali Joseph Mukasa Balikuddembe, mkulu wa antchito a m'nyumba ya Kabaka Mwanga II, mfumu ya Buganda. Mu October 1885 Mwanga analamula kuti Episkopi James Hannington wa mpingo wa Anglican aphedwe ku Busoga, ali pa ulendo wopita ku Buganda. Hannington anali mzungu, wa mpingo wina, munthu amene Balikuddembe anali asanamuonepo. Akanatha kukhala chete n'kupitiriza kudya za kunyumba ya mfumu. Iye anapita kwa Mwanga n'kumudzudzula pamaso kuti wapha mlendo osamumva mbali yake. Pa 15 November 1885 anamudula mutu ndi kutentha thupi lake. Msika waukulu wa Owino mu Kampala lero umadziwikanso ndi dzina lake.

Udindo woyang'anira anyamata otumikira kwa mfumu unagwera Charles Lwanga, amene anabatizidwa tsiku lomwelo. Apa ndi pamene alaliki ambiri amachita manyazi. Mwanga ankafuna kugona ndi anyamatawo, ena a iwo ana ndithu, ndipo pa mwambo wa nthawiyo mawu a Kabaka sankakanidwa. Balikuddembe ankawateteza powatuma ntchito kutali mfumu ikawaitana. Lwanga anapitiriza zomwezo, nawalimbitsa mtima kuti munthu atha kuuza ngakhale mfumu kuti iyayi. Zinthu zitafika poipa kumapeto kwa May 1886, pamene Denis Ssebuggwawo anaphedwa ku Munyonyo chifukwa chophunzitsa mnzake katekisimu, Lwanga anabatiza usiku anyamata angapo, mmodzi mwa iwo Kizito.

Dziko limene nkhani za kugwirira ana sizikuchoka m'manyuzipepala likusowa kumva gawo limeneli momveka bwino. Wolakwira mwana kawirikawiri ndi munthu wamphamvu pa mwanayo: malume amene amalipira fizi, mphunzitsi, bwana wa pakhomo, nthawi zina mtsogoleri wa mpingo. Achibale amati tikambirane pakhomo, tisachititse manyazi banja. Lwanga analinso wantchito, wodalira mfumu pa chakudya ndi pa moyo wake, koma anaima pakati pa bwana wake ndi ana. Sukulu yotchedwa dzina lake iyenera kukhala yoyamba kukhala ndi munthu wodziwika amene mwana angakamuuze zomuvuta mopanda mantha, ndipo parishi yoimba nyimbo za Kizito isamabise mlandu wa mwana poopa kuipitsa mbiri.

Alipo anthu ku Uganda komweko amene amati Mwanga ankateteza ufumu wake. Mfundo yawo si yachabe. Pa nthawiyo mayiko a ku Ulaya anali atangogawana Africa ku msonkhano wa ku Berlin, Ajeremani anali atayamba kulanda madera a kum'mawa, ndipo mu 1894 Buganda inagweradi m'manja mwa Angerezi. Mwanga anafera ku ukapolo ku Seychelles mu 1903. Mantha ake anali ndi maziko. Komabe amene anapsa pa 3 June 1886 sanali asilikali a atsamunda. Ambiri anali ana a Buganda, otumikira m'bwalo lake lomwe, ndipo pakati pawo panali Mbaga Tuzinde, wa m'banja la Mukajanga, mkulu wa akupha anthu, amene anamuchonderera kuti athawe koma iye anakana.

Akatolika 22 ndi a Anglican 23 anaphedwa pakati pa 1885 ndi 1887, ambiri pa mulu umodzi wa nkhuni. Papa Paul VI anawerengera Akatolikawo m'gulu la oyera pa 18 October 1964, miyezi itatu Malawi italandira ufulu, ndipo mu ulaliki wake anatchulanso mwaulemu anzawo a Anglican. Mu 1969 iye mwini anapita ku Namugongo, ndipo anakapempheranso pa malo a mpingo wa Anglican.