Aoromo akusowa chakudya, akusowanso owayankhulira

M'madua athu a Lachisanu timatchula Palestine, Sudan ndi Yemen, ndipo timachita bwino. Koma dzina la Aoromo silimveka m'mizikiti mwathu, chonsecho uwu ndi mtundu waukulu kuposa yonse ku Ethiopia. Kalembera wa 2007 adapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse m'dzikomo ndi Muoromo, ndipo pafupifupi theka la anthu a m'chigawo cha Oromia ndi Asilamu, makamaka ku Arsi, Bale, Jimma ndi Hararghe.

Mavuto awo a masiku ano adakolera pa nkhani ya malo. Mu 2014 boma lidafuna kukulitsa mzinda wa Addis Ababa polowa m'minda ya alimi achioromo. Zionetsero zidakula mu Novembala 2015, ndipo pofika Juni 2016 bungwe la Human Rights Watch lidawerenga anthu oposa 400 ophedwa ndi achitetezo. Abiy Ahmed, yemwe bambo wake adali Muoromo komanso Msilamu, atakhala nduna yaikulu mu Epulo 2018, ambiri adayesa kwacha. Sikudache. Woimba Hachalu Hundessa adaphedwa pa 29 Juni 2020, nkhondo ya boma ndi gulu la Oromo Liberation Army idakula, ndipo zokambirana za ku Zanzibar ndi ku Dar es Salaam mu 2023 zidatha popanda mgwirizano.

Pamwamba pa nkhondoyo padagwa chilala. Kuyambira 2020 mvula idakanika nyengo zisanu zotsatizana, ndipo ku Borana ng'ombe zidafa miyandamiyanda. Kwa ife a kunyanja, tiyerekeze msodzi amene wataya bwato, ukonde ndi nsomba za m'nyanja momwe pa nthawi imodzi. Kwa Mborana ng'ombe ndiyo mkaka wa mwana, ndiyo malowolo, ndiyo ulemu wake pabwalo.

Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi amene amati titumize chakudya, za ufulu tisiyire andale. Mu Juni 2023 mabungwe a USAID ndi WFP adaimitsa chithandizo cha chakudya ku Ethiopia konse atapeza kuti chikubedwa ndi kugulitsidwa pamisika. Kwa miyezi ingapo amene adagona ndi njala sadali akubawo. Thumba la tirigu silifika kwa mayi wamasiye ngati msewu watsekedwa ndi mfuti, ngati mtolankhani saloledwa kufika, ngati mkulu wa m'mudzi woulula kuba amangidwa. Choncho woteteza ufulu wa anthu ndi wogawa chakudya akugwira ntchito imodzi.

Koma woyankhulira ena asakhale wa diso limodzi. Mu Disembala 2021 akuluakulu a Gadaa a fuko la Karrayu adaphedwa, ndipo bungwe loona za ufulu la Ethiopia lomwe lidaloza chala achitetezo a boma. Mu Juni 2022 anthu mazana a mtundu wa Amhara adaphedwa ku Tole, ku West Wollega. Opulumuka adati adachita ndi a Oromo Liberation Army, ngakhale gululo lidakana. Msilamu amene alira maliro oyamba n'kukhala chete pa achiwiri sakutsata chilungamo, akutsata mtundu.

Pali nkhani ina yowawa kuitchula pa tsamba lino. Achinyamata ambiri achioromo amadzera ku Djibouti ndi Yemen polowera ku Saudi Arabia kukafuna ntchito. Mu Ogasiti 2023 Human Rights Watch idalengeza kuti alonda a m'malire a Saudi Arabia adapha Aitiyopiya mazana ambiri pakati pa Marichi 2022 ndi Juni 2023. Boma la Saudi lidakana. Kukonda kwathu Makka ndi Madina sikutiletsa kupempha kuti nkhaniyi ifufuzidwe poyera. Tikumbukire kuti m'chaka cha 615 maswahaba a Mtumiki (mtendere ndi madalitso zikhale pa iye) adawoloka nyanja yomweyo kuthawira ku Habasha, ndipo mfumu Najashi idakana kuwapereka kwa Akuraishi. Ufumu wake udali kumpoto, ku Aksum, kutali ndi kwawo kwa Aoromo, koma ngongole ya mlendo siyang'ana fuko.

Njira ina ya Aitiyopiya a mitundu yosiyanasiyana imadzera kwathu kuno popita ku South Africa. Mu Juni 2012 anthu oposa 40 adamira m'nyanja yathu ku Karonga, ndipo mu Okutobala 2022 mitembo 30 idafukulidwa m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba. Surat Tawbah, ndime ya 60, imaika wapaulendo wosowa m'gulu la oyenera kulandira zakaat. Makomiti a mizikiti ya ku Karonga, Nkhotakota, Salima ndi Mangochi angathe kuyambira pomwepo: kuyendera osungidwa m'ndende chifukwa chosowa ziphaso, kuwapezera chakudya ndi womasulira, ndi kukaneneza kupolisi eni mabwato ndi malole amene amawapanikiza ngati matumba a usipa. Zopereka zopita kutali zidzere ku mabungwe amene amaonetsa poyera kumene ndalama zapita, ndipo woperekayo afunse lipoti lake chaka chisanathe.