Stent si mapeto a mapiritsi

Pali nkhani ikuyenda m'magulu a WhatsApp a mabanja ndipo ine yanditopetsa. Eti munthu akapita ku India kapena ku Joni kukaunikidwa mitsempha ya mtima n'kubwerako ndi stent, basi wachira. Akabwerako wopanda stent, ati madokotala angomudyera ndalama. Zonsezi n'zabodza, abale.

Angiography ndi kujambula chabe. Amalowetsa kachubu mumtsempha wa pamkono kapena m'mphechepeche, n'kukakankha mpaka kukafika pamtima, n'kuthira mankhwala ooneka pa X-ray kuti aone pamene magazi akuvutika kudutsa. Njirayi anaitulukira mwangozi Mason Sones ku Cleveland mu 1958. Munthu akagwidwa heart attack, chifuwa chathina ngati aikapo thumba la simenti, thukuta kamukamu, kujambula ndi kutsegula mtsempha msangamsanga kumapulumutsa moyo. Pamenepo sinditsutsa, thamangani.

Koma za munthu amene chifuwa chimangomupweteka akakwera chitunda, akapuma n'kusiya, n'zina. Kafukufuku wa mu 2010 ku America anaona anthu pafupifupi 400,000 omwe anajambulidwa asanapezekepo ndi matenda a mtima. Otsekeka mitsempha kwenikweni sanafike 4 pa 10 alionse. Enawo sikuti ankanama, ndipo si ufiti. Ena, makamaka amayi, vuto limakhala m'timitsempha ting'onoting'ono tosaoneka pachithunzipo.

Nanga mtsempha ukapezekadi wothina? Kafukufuku wa COURAGE mu 2007 ndi wa ISCHEMIA mu 2020, womwe unali ndi odwala oposa 5,000, anasonyeza kuti kwa odwala otere kuika stent sikuchepetsa imfa kuposa kumwa mankhwala mokhulupirika. Ululu imachepetsadi, zimenezo tisabise. Ndipo pali ena, monga othina mtsempha waukulu wakumanzere, ofunika opaleshoni ndithu. Ndiye dokotala akati bwererani mukamwe statin, mutsitse BP ndi shuga, fodya musiye, sanakubereni.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi malume ovala stent, mwezi wachiwiri aleka aspirin ndi clopidogrel poti "andikonza kale", achibale n'kumaombera m'manja. Stent ndi kawaya kachitsulo kokhala m'kati mwa mtsempha. Mukasiya mapiritsi amenewo dokotala asananene, magazi amatha kuundana pakawaya pomwepo, mtsempha n'kutsekekeratu tsiku limodzi, munthu ali kumudzi, chipatala chimene chinamuika chili kutsidya kwa nyanja.