NKHOKWE YA MPWEYA WA KABONI ILI M'NTHAKA YA KASUNGU

Masiku ano akatswiri a sayansi akunyadira luso lokola mpweya wa kaboni ndi kuukwirira pansi pa nthaka kuti usakwere m'mlengalenga, kumene umatsekereza kutentha ndi kusokoneza nyengo. Dziko la Norway lidayamba ntchitoyi mu 1996 pamalo otchedwa Sleipner, kumene mpweyawu amaupopera m'miyala yamchenga ya pansi pa nyanja ya North Sea. Ku Iceland nako, kuyambira mu 2012, amausungunula m'madzi nkuuloŵetsa m'matanthwe, ndipo zisanathe zaka ziŵiri umasanduka mwala.

Luso limeneli ndi losiririka ndithu, koma nlofuna makina a ndalama zankhaninkhani ndi mafakitale aakulu okolerapo utsiwo. Mmalaŵi amene wapinda manja kudikira kuti makinawo adzamupulumutse waiŵala mwambi wa makolo uja wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Zigwa za Kasungu zinali ndi nkhokwe yakeyake yosungiramo kaboni azungu asanaganizeko za mapaipi. Nkhokweyo ndi mtengo. Mtengo umayamwa mpweyawu kudzera m'masamba, nuusunga m'thunthu ndi m'mizu, ndipo pafupifupi theka la kulemera kwa nkhuni youma ndi kaboni. Masamba akayoyoka ndi kuola, gawo lina la kaboniyo limatsalira m'dothi, nkulisandutsa lakuda ndi lachonde.

Chomvetsa chisoni nchakuti nkhokwe imeneyi ikupasulidwa dzuŵa likuswa mtengo. Fodya wa fulu amapsa ndi moto wa nkhuni umene umayaka usana ndi usiku m'mabalani, pamene wa bale amafuna milimo ndi mphanda zomangira zigafa zimene chiswe sichichedwa kudya. Mitengo ya mombo ndi muŵanga imene idatenga zaka makumi ambiri kuti ikule imatha m'sabata imodzi, ndipo kaboni amene idasunga amauluka ndi utsi. Midzi ina idayera mbee, ndipo nkhwangwa zayamba kuloza ku nkhalango ya Chimaliro ndi ku malo osungirako nyama a Kasungu. Otentha mapesi ndi osaka mbeŵa ndi moto amamaliza zotsala.

Ena amati fodya ndiye amabweretsa ndalama zakunja, choncho mlimi asamadzudzulidwe. Nzoona kuti fodya waphunzitsa ana ndi kumanga nyumba zamalata. Koma kodi nchanzeru kugwetsa nkhokwe kuti upeze nkhuni zophikira nsima ya tsiku limodzi? Mlandu waukulu suli pa mlimi wa ekala imodzi, koma pa eni maesiteti amene adalonjeza polandira malo kuti gawo limodzi mwa magawo 10 lidzakhala la mitengo, lonjezolo nkuliponya kunkhongo. Ulinso pa ogula fodya amene amaŵerenga mabelo osaŵerenga zitsa.

Mu 2016 boma la Malaŵi lidalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a malo oguga pofika mu 2030. Lonjezo lotere silikwaniritsidwa ndi misonkhano ya m'mahotela. Mwini balani aliyense akhale ndi munda wake wa nkhuni. Zigafa zikhale zamoyo, za mitengo yodzalidwa m'mizere yosafunika kudula. Msangu usiyidwe m'munda, mphukira za zitsa zisamalidwe, ndipo mapesi akwiriridwe m'malo motenthedwa.

Maiko olemera, amene adadetsa mlengalenga, akumbe zitsime zawo ndi kulipira zimene adaononga. Koma Kasungu asadikire. Makina ake ndi mbande, khasu ndi lamulo lotsatidwa mosayang'ana nkhope.