Wothira Feteleza Ndi Wina, Wolipira Ndi Wina

Mu 2001 boma la America lidalonjeza poyera kuti pofika 2015 dera la madzi akufa m'nyanja ya Gulf of Mexico lidzakhala litachepa, osapitirira masikweya kilomita 5,000. Chakacho chitakwana, akuluakuluwo adangonyamula lonjezo lija n'kukalitula pa 2035, opanda ndi manyazi omwe. Mu 2017 deralo lidapitirira masikweya kilomita 22,000, kukula komwe kunali kusanaonekepo chiyambire kuyeza mu 1985. Limeneli ndi bodza lamkunkhuniza, ndipo tilitchule choncho.

Imfayi imayambira m'minda ya chimanga ya ku Iowa ndi Illinois. Pansi pa mindayo adakwirira mapaipi okhetsa madzi kuti lowe liume. Mvula ikagwa, nitrate wa mu feteleza ndi m'ndowe za nkhumba amatsetsereka m'mapaipimo, kugwera m'ngalande, mpaka mu Mississippi. Kunyanja amakanenepetsa ndere. Ndereyo ikafa imamira, n'kuwola, n'kumaliza mpweya wonse wapansi. Nsomba zimathawa, koma nkhanu ndi tizilombo ta m'matope zimafera pomwepo, ndipo msodzi wa ku Louisiana amatha mafuta kukasaka kutali zimene kale ankakola pafupi. Mtima umandiwawa ndikakumbukira mayi wa kwathu amene amapima urea ndi kachitsekerero ka botolo, phando ndi phando, pomwe anzathuwa akumwetsa nyanja chuma chomwecho.

Anthu a mumzinda wa Des Moines ku Iowa komweko amamwa madzi a mtsinje wa Raccoon. Lamulo limakana kuti nayitirojeni wa mu nitrate apitirire mamiligalamu 10 pa lita, chifukwa khanda likamwa mkaka wosungunulira madzi otere magazi ake amalephera kunyamula mpweya, milomo n'kuda bii. Ndiye bungwe la Des Moines Water Works limayendetsa makina odula ochotsera nitrate, ndalama zake n'kuzithira pa bilu ya womwa madzi. Litatopa, mu 2015 lidasumira maboma atatu a kumtunda kwa mtsinjewo. Khoti lidataya mlanduwo mu 2017.

Gwero la zonsezi ndi lamulo la Clean Water Act la 1972, lomwe limagwira pakhosi paipi ya fakitale koma paipi ya kumunda limaidutsa ngati silikuiona. Alimi amangopemphedwa kuti achepetse feteleza akafuna. Kodi ndi liti wakuba adabweza mbuzi chifukwa chonyengereredwa?

Ndipo nthaka siiwala. Madzi a mtsinje wa Thames akhala akuyezedwa kuyambira 1868. Nitrate wake adakwera a ku Britain atagawula malo odyetsera ziweto pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo wina adatenga zaka makumimakumi akutsetsereka m'miyala ya pansi asanafike mumtsinje. Thumba limene mlimi wa ku Iowa akuthira chaka chino lidzamwedwa ndi ana amene sanabadwe. Paipi ya kumunda ilembedwe m'kaundula, iyezedwe, ndipo mwini wake alipitsidwe ikapitirira muyeso.